Za intaneti ya nyumba zathu zitatu pa Songani

Wapampando: Abale ndi alongo, mwaswera bwanji? Nkhani ija tinaisiya panjira Lamulungu. Intaneti tili nayo ku holo kokha. Shopu yathu ya fotokope ili tsidya lina la msewu wa M3, ndipo nyumba yosungiramo mbewu ili kumtunda, mamita ngati 400 kuchokera pa holo. Kugulira nyumba iliyonse bandulo yake kukutidyera ndalama. Maganizo abwere.

Membala wa ku Johannesburg: Zikomo bambo. Ine ndaona rauta ya Wi-Fi 6 kuno, kachipangizo kogawa intaneti popanda waya, yamphamvu ndithu. Ndigula ndekha, ndipatsira wa basi. Tikaiika pa denga la holo, nyumba zonse zilandira.

Mnyamata wa makompyuta: Achimwene, mtima wanuwo tathokoza, koma mundilole nditsutse pang'ono. Wi-Fi 4 inabwera mu 2009, Wi-Fi 5 mu 2013, Wi-Fi 6 mu 2019. Chimene chakhala chikukwera ndi liwiro komanso kutha kutumikira mafoni ambiri nthawi imodzi, osati mtunda. Rauta ikhoza kufuula, koma foni imayankha monong'ona, ndiye pa mamita 400 sizimvana. Onjezanipo malata ndi zipupa za njerwa zootcha. Rautayo ndi yabwino m'kati mwa holo pa tsiku la msonkhano, pamenepo pokha.

Msungichuma: Nanga bwanji osangokoka waya? Ine za mumlengalengazi sindizikhulupirira kwenikweni.

Mnyamata wa makompyuta: Mayi, waya wa netiweki uja malire ake ndi mamita 100. Kupitirira apo pafunika faiba, waya wotumiza uthenga ndi kuwala, ndipo kukumba modutsa M3 n'kofuna chilolezo cha a Roads Authority. Chimene ndikupempha ndi tiwayilesi toyang'anizana, kamodzi pa holo, kena pa nyumba inayo, monga ta Ubiquiti kapena TP-Link. Timaponya siginecha mbali imodzi ngati tochi, osamwaza ngati babu. Tiwayilesiti timasiyana mafunde a siginecha, omwe amayezedwa mu GHz. Tisankhe ta 5 GHz. Ta 2.4 GHz timapyola zotchinga bwinoko, koma njira zake zosalowererana ndi zitatu zokha, 1, 6 ndi 11, ndipo pa tsiku la msika aliyense amakhala wayatsa hotspot. Palinso ta 60 GHz, tothamanga kwambiri, koma timafooka mvula ikamagwa yamphamvu. Mvula yotsika m'phiri la Zomba mu Januwale nonse mukuidziwa.

Mayi a pa shopu: Mwana wanga, wanena zoyang'anizana. Ine ndikaima pakhomo la shopu holo ndimaiona bwinobwino. Koma kuchokera pa holo kupita kosungira mbewu pali mtengo wa mango wa agogo aja, pakati penipeni.

Mnyamata wa makompyuta: Vuto lenileni ndi limenelo, mayi. Masamba, makamaka akanyowa, amameza siginecha ya 5 GHz. Komanso siyenda ngati ulusi wowongoka, imafufuma pakati. Pa mtunda wathuwu pakufunika mpata wa mamita ngati 2 pamwamba pa nsonga ya mtengo.

Membala wa ku Johannesburg: Ndiye tingosadzako nthambi za pamwamba basi.

Mayi a pa shopu: Iyayi achimwene, zimenezo ayi. Mango amenewo ndi omwe agogo amaika m'beseni pamsewu mu Disembala n'kupeza ya sopo ndi ya kuchigayo. Mthunzi wake ndi pamene amayi amadikirira sikelo pa nthawi yogulitsa nandolo. Chitukuko chathu chisayambe ndi chikwanje pa mtengo wa nkhalamba. Ine sindivomera.

Mlembi: Ndili mbali ya mayi. Pa holo pali nsanja ya thanki ya madzi. Tikawotcherera paipi yachitsulo pamwamba pake, mwina tiupitirira mtengowo. Tiganizenso za malole ataliatali odutsa pamsewu, kawayilesi ka ku shopu kasakhale m'munsi.

Msungichuma: Paipi yaitali pa nsanja ndiye kuitana mphenzi. Chaka chatha inandiwotchera dikoda ndi TV usiku umodzi, fungo la pulasitiki nyumba yonse. Mu bajeti muikemo waya wokwirira pansi, zotetezera zipangizo, ndi batire ya sola yoti magetsi akazima zisamathime. Popanda zimenezi sindisaina.

Mnyamata wa makompyuta: Ndalemba zonse, mayi. Tiwayilesiti timalandira moto kudzera pa waya wa netiweki womwewo, ndiye batire ikhala m'nyumba, osati padenga. Tisanagule ndifunsanso a MACRA ngati mtundu umenewo ndi wovomerezeka kuno.

Membala wa ku Johannesburg: Chabwino, ndamva. Rauta ndigulabe ya mu holo, ndalama yotsalayo ndiponya ku thumba la paipi. Koma mtengo umakula, zaka zitatu zikubwerazi tidzakambirananso.

Wapampando: Pa nthawiyo tidzapita kwa agogo mwaulemu. Loweruka 7 koloko tikumane pa holo. Mnyamata wathu akwera pa thanki, mlembi akaima kosungira mbewu ndi nsungwi yomangirira chitenje chofiira, azikweza mpaka chioneke. Tikayeza nsungwiyo tidziwa kutalika kwa paipi. Amene ali ndi makwerero abwere nawo.