Ndingatani kuti diazonium isaunjikane pa glassy carbon?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikumatiza timagulu ta nitrophenyl pa elekitirodi ya glassy carbon (kaboni wolimba wooneka ngati galasi) pogwiritsa ntchito mchere wa diazonium wotchedwa 4-nitrobenzenediazonium tetrafluoroborate wosungunula mu acetonitrile. Kumatako kukutheka ndithu: nsonga ya reduction (chizindikiro chakuti mcherewo ukulandira ma elekitironi) ikuoneka ulendo woyamba wa cyclic voltammetry (njira yokweza ndi kutsitsa mphamvu ya magetsi mobwerezabwereza uku ukuyeza magetsi odutsa), ulendo wachiwiri n'kuzimiririka, monga zimayenera kukhalira nayitirojeni akachoka n'kusiya aryl radical (chidutswa cha molekyu chosachedwa kumata pa zinthu zina) yogwirana ndi kaboni.

Vuto ndi lakuti ma radical otsalawo akukamata pa anzawo omwe afika kale, ndiye chophimbacho chikukhuthala mpaka ferricyanide, mankhwala oyesera ngati ma elekitironi akudutsabe, sakuyankhanso. Ine ndikufuna chophimba cha mzere umodzi wokha wa mamolekyu, osasanjikizana, chifukwa pambuyo pake ndidzasandutsa nitro kukhala amine n'kumangirirapo enzyme.

Kodi alipo amene anayesapo kuthiramo DPPH (radical yokhazikika yomwe imakola ma radical ena) kuti igwire ma radical owonjezera? Munathira yochuluka bwanji poyerekeza ndi mcherewo? Njira yoika timagulu tikulutikulu ta 3,5-di-tert-butyl pa diazonium kuti titchinge ma radical ena sindikuikonda kwenikweni, imanditsekera malo omangirirapo.

Nanga kupangiratu diazonium pompo, kuchokera ku 4-nitroaniline ndi sodium nitrite mu asidi wozizira, kumachepetsako kukhuthalaku? Komanso mumayeza bwanji kukhuthala ngati mulibe AFM (maikulosikopu yoyeza pamwamba pa chinthu ndi kasingano)?