Ndalama za gulu: khoma la kumtsinje kapena mthirira wa sola?

Wapampando:
Abale ndi alongo a kwathu ku Phalombe, kulikonse komwe muli, mwaswera bwanji. A Msungichuma andiuza kuti zopereka za chaka chino zatsekedwa, ndipo zomwe zili mu akaunti zikukwana ntchito imodzi yokha yooneka ndi maso. Maganizo omwe afika ku komiti ndi awiri. Ena akuti timange khoma lotchinga madzi paja mtsinje unaboola nthawi ya namondwe Freddy, kumtunda kwa sukulu. Ena akuti tikumbitse mjigo wakuya, tiike pampu ya sola ndi thanki, anthu azithirira m'madimba. Lankhulani momasuka koma mwaulemu. Zandale ayi. Otumiza maulaliki ndi mavidiyo, pumani kaye mpaka nkhaniyi ithe.

Achimwene a ku Joni:
Ine ndiye sindizungulira, a Wapampando. Sola. Namondwe amabwera kamodzi pakanthawi, njala ndi ya chaka ndi chaka. Mu 2024 chimanga chinafota chikungomasula kumene, mpaka a Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Nonse muli kunja kuno nenani chilungamo, foni ikalira kuchokera kumudzi imakhala ya chiyani? Ufa. Ndalama zomwe timatumiza pa Mukuru kugula chimanga cha mavenda bwenzi titagula mapampu angati? Munthu akathirira akolola kawiri, tomato agulitsa, ife tipumeko.

Msungichuma:
Apa mwalasa achimwene.

Aphunzitsi opuma:
Mwana wanga wa ku Joni, mawu oti "kamodzi pakanthawi" abwezereni m'thumba. Mu Malichi 1991 napolo atatsika m'phiri la Michesi, tinkatonthozana kuti zotere munthu amaziona kamodzi pa moyo wake. Tsono tawerengani za posachedwapa: madzi a Januwale 2015, namondwe Idai mu 2019, anamondwe Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu 2023. Mwana wa Sitandade 8 lero waona zambiri kuposa zomwe agogo ake anaona mpaka kumera imvi.

Komanso inu mwachoka kalekale, mtsinje mukuukumbukirawo si womwe ulipo. Pa dziwe paja anyamata ankadumphira kuchokera pamwala, lero mwana woyamba sukulu akuwoloka madzi akulekeza m'akakolo. Mchenga ndi miyala zadzaza mpaka kufanana ndi gombe. Mvula ya maola awiri yokha madzi akusowa poyenda, akulowera m'minda. Madimba mukufuna kuthirirawo ndi omwe Freddy anawakwirira ndi mchenga wofika m'chiuno. Madzi saiwala khwawa. Mukaika pampu yanu pamenepo tidzaifukula ndi makasu.

Achimwene a ku Joni:
Ndamva aphunzitsi. Koma khoma sitidya.

Achemwali a ku Glasgow:
Pepani ndilowererepo, ndangoweruka kumene ku ntchito ya usiku. Funso langa ndi lina. N'chifukwa chiyani tikukanganirana tindalama tathu ta thukuta pa vuto lomwe sitinaliyambitse? Utsi wasokoneza nyengowu ndi wa mafakitale a kuno, osati wa mbaula za amayi athu. Pa msonkhano wa mayiko wa zanyengo wa COP26 mu 2021, mumzinda uno, boma la Scotland linakhala loyamba kulonjeza ndalama za zotayika ndi zowonongeka chifukwa cha kusintha kwa nyengo, mapaundi 2 miliyoni, ndipo zina zinafikadi ku Malawi. Ku COP27 ku Egypt mayiko anagwirizana zokhazikitsa thumba lenileni, ku COP28 ku Dubai analonjezamo ndalama pafupifupi madola 700 miliyoni. Bwanji osalemba kalata kuti khomalo atimangire iwo, zathuzi tiike ku sola?

Mphwathu wa ku Bunda:
Azakhali, nambala mwatchulayo muiike pambali pa iyi. Kafukufuku wa boma pambuyo pa Freddy anapeza kuti Malawi yekha akufunika madola pafupifupi 680 miliyoni kuti abwezeretse zomwe zinawonongeka. Namondwe mmodzi, dziko limodzi. Thumba lija ndi la mayiko onse osauka, Pakistan ndi Bangladesh ali pa mzere womwewo. Ndiponso ndalama zake zimadzera m'maboma ndi m'mabungwe akuluakulu, gulu la pa WhatsApp silingakagogode. Kalata tilembe ndithu, koma ipite ku khonsolo, kudzera ku makomiti a chitukuko, ya m'mudzi (VDC) ndi ya dera (ADC), kuti khomalo lilowe mu mapulani a boma lathu. Tisaimitse ntchito podikira yankho.

Ndiyankhepo pa mkangano wa akuluakulu awiriwa, ngati mundilola. Nonse mukunena vuto limodzi. Mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umanyamula chinyezi choonjezera pafupifupi 7 peresenti. Ndiye mvula ikabwera ikumagwa yambiri pakanthawi kochepa, ndipo ng'amba ikagwa nthaka ikumauma msanga chifukwa cha kutentha komweko. Freddy anabadwira kufupi ndi Australia, anayenda masiku 36, ndipo a bungwe loona zanyengo padziko lonse anatsimikiza kuti palibe namondwe wina anakhalitsapo chotero. Paphiri popanda mitengo madzi salowa pansi, amathamanga ndi dothi. Mu Febuluwale atikokolola, mu Okutobala zitsime ziuma. Nyanja ya Chilwa, komwe mitsinje yathu imathera, inaphwa mu 1995, inaphwanso mu 2018.

Aphunzitsi opuma:
Sukulu sinapite pachabe apa. Pitiriza mwana wanga.

Mphwathu wa ku Bunda:
China chomwe chimandiwawa ndi ichi. Mu 2022 asayansi a World Weather Attribution anafufuza mvula ya Ana ndi anamondwe ena a chaka chimenecho. Anapeza kuti kusintha kwa nyengo kunaikulitsadi, koma analephera kunena kuti ndi mlingo wanji, chifukwa kuno kunalibe malo oyezera mvula okhala ndi kaundula wokwanira wa zaka zambiri. Tsono pokapempha chipukuta misozi umboni tiutenga kuti? Ine ndikupempha kachigawo kochepa chabe: choyezera mvula pasukulu, kope, ndi mizere ya penti pa mzati wa mlatho. Ana azilemba m'mawa uliwonse, manambala tizitumiza ku nthambi ya zanyengo. Madzi akafika pa mzere wofiira, a komiti ya ngozi za m'mudzi aziimba wezulo ndi kuimbira foni midzi ya kumunsi.

Achimwene a ku Joni:
Kkkkk tasonkha chaka chathunthu kuti tigule wezulo?

Mlembi:
Achimwene, ulemu. Aliyense apatsidwe mpata.

Alamu a injiniya ku Lilongwe:
Ine ndine mkamwini pagulu pano, ndiye ndimayamba ndamvetsera. Koma pa za khoma ndisakunamizeni. Ndalama zomwe a Msungichuma anandinong'oneza sizingamange khoma loti n'kutchedwa khoma. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti, waya ndi dizilo wa mathirakitala zinakwera osabwereranso. Zomwe tingakwanitse ndi mulu wa dothi, mwina ndi mabasiketi angapo a waya odzaza miyala pa mbali imodzi ya mtsinje.

Khoma lotere ndi loopsa kuposa kukhala opanda khoma. Anthu amaliona n'kuyamba kumanga nyumba kuseri kwake, n'kumagona tulo. Tsiku lobooka madzi amabwera onse nthawi imodzi. Namondwe Ana anagumula mbali ya damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linakhala mu mdima miyezi yambirimbiri, ndipo limenelo linamangidwa ndi akatswiri ndi makina. Chachiwiri, madzi mukawatchinga tsidya lino sasowa, amapita tsidya linalo. Kutsidyako kuli azibale athu omwe, kuli manda, kuli minda. Khoma likufunika, aphunzitsi sakunama, koma ndi ntchito yoyamba ndi kuyeza mtsinje wonse, ndipo mwini wake ndi boma.

A sola musaombe m'manja msanga. Mjigo wa pampu ya sola umafuna madzi ochuluka kuposa wopopa ndi manja, ndipo muyenera kulipira kuti auyese kwa maola ambiri musanagule pampu. Kumunsi chakunyanja mijigo ina imatulutsa madzi amchere, othirira mbewu n'kupsa.

Aphunzitsi opuma:
Alamu, mwandithyola mwendo koma ndamva. Za kutsidya zija sindingatsutse, mayi anga anachokera komweko.

Mlembi:
Amayi a banki mkhonde atumiza mawu pa foni ya mdzukulu wawo. Ndawalemba momwe alankhulira, kuti omwe alibe bandulo yokwanira awerenge:

"Ana anga, zikomo potikumbukira. Koma mukukambirana ngati malowo ndi a gulu. Madimba kuno ali ndi eni ake, ndi a mbumba, amayenda kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi. Thanki mukaimika pa dimba la munthu, chaka chamawa madziwo asanduka ake. Yambani mwakhala pansi ndi a Gulupu, anyakwawa ndi eni mbumba, zilembedwe, adinde.

Za sola tinazionapo kumudzi woyandikana nawo. Bungwe lina linabwera, linaika, anajambulitsa, anapita. Mapanelo awiri anabedwa mvula isanagwe, kenako kabokosi kake kanapsa, wokonza kunalibe, ndalama yokonzera kunalibe. Lero thanki ija akuyanikapo zovala. Ndiye mundiuze, mlonda adzamulipira ndani? Ikawonongeka tidzaimbira ku Joni?

Za mitengonso. Chaka chilichonse timadzala, alendo akuomba m'manja, pofika Ogasiti mbuzi zadya, moto wa osaka mbewa wamaliza zotsala. Abambo ambiri kuno ndi akamwini, munthu sadzala m'bawa pamalo poti mawa akhoza kuuzidwa kuti nyamula bulangete lako. Mukafuna mitengo ikule, ipatseni azimayi. Ndiponso m'phirimo zitsa zikuphukira zokha, zimangofuna kuzitengulira ndi kuziteteza. Zimenezo sizifuna machubu kapena kuthirira."

Achemwali a ku Glasgow:
Amayi anena zonse. Ine manyazi andigwira ndi kalata yanga ija kkkk.

Mnyamata wa kabaza:
Akuluakulu, ine ndilankhulireko anzanga owotcha makala, poti pano palibe awatchula koma nonse mukuwaganiza. Sakwera phiri chifukwa chodana ndi mitengo. Nandolo ndiye inali ndalama yathu, mtengo wake utagwa mu 2017 India atachepetsa kugula, ambiri anatembenukira ku makala. Ogula makalawo ali ku Limbe ndi ku Zomba, ena ali pagulu pompano. Mukatseka phiri osawapatsa chochita, adzakwera usiku. Ngati kuli ntchito yokumba maswale ndi kudzala vetiva ndi nsungwi m'mbali mwa mtsinje, alembeni iwowo, muziwalipira ngati momwe zimakhalira ku Mbwezera Chilengedwe. Ngati kuli dimba la gulu, apatseniko mapoloti.

Msungichuma:
"Ena ali pagulu pompano." Ndadutsa mwakachetechete.

Achimwene a ku Joni:
Chabwino, nditsike pang'ono. Mjigo usakhale kudimba. Ukhale kumtunda, pa malo a sukulu, paja anthu anathawira nthawi ya Freddy. Achemwali anga anagona m'kalasi muja ndi ana, madzi akumwa ankatunga pa chithaphwi, kolera ili pakati m'dziko. Pamenepo madzi osefukira safika, mlonda alipo kale, malo si a munthu. Mapaipi atsike kupita ku minda yapafupi. Koma ndikanebe kuti ndalama zonse zithere ku udzu ndi mawezulo. Anthu asonkha kuti aone chinthu.

Alamu a injiniya ku Lilongwe:
Pa chitunda madzi amapezeka patali, kukumba kudzadula. Koma kutsitsa madzi kuchokera mu thanki kudzakhala kwaulere. Ndingavomere ngati tiyamba ndi kuyeza, ndipo gawo lina la ndalama litsekeredwe padera la zokonzera. Othirira azisonkha kangachepe pa mwezi, buku lisungidwe ndi amayi a banki mkhonde, osati ife a kutali.

Mphwathu wa ku Bunda:
Thanki yomweyo ingathirirenso nazale ya nsungwi ndi vetiva. Ndipo pa mapolotiwo tisangothamangira chimanga. Alangizi akhala akunena za mbatata, chinangwa ndi mapira, zomwe zimapirira ng'amba. Ngakhale kalongonda amene timamuseka uja sanatigonetsepo ndi njala.

Aphunzitsi opuma:
Kalongonda umusiye, amafuna nkhuni za tsiku lonse, phiri lomwelo lidzatha. Ine sindinakhutire kwenikweni. Nsungwi zimatenga zaka kuti zigwire gombe, ndipo mabanja omwe ali paja mtsinje unaboola agona bwanji Januwale akubwerayu? Kusamuka n'kosavuta kukamba uli ku Glasgow. Munthu asiye dimba lake, manda a makolo ake, akakhale pamiyala? Ngati khoma lakanika, gulu lino lipemphe a Gulupu malo a kumtunda oti mabanja amenewo amange zogona, kudimba azingopita kukalima. Ndipo wezulo wa mwanayu mugule, achimwene a ku Joni asekeretu. Usiku wa Freddy omwe anapulumuka kwathu kuno ndi omwe anadzutsidwa.

Wapampando:
Zikomo nonse. Sitivota lero. Alamu a injiniya ndi mphwathu wa ku Bunda apite kumudzi kumapeto a mwezi uno, thiransipoti ichokera ku thumba la gulu. Akaonane ndi a Gulupu, a VDC, a komiti ya sukulu ndi amayi a banki mkhonde, akayendere gombe lonse mpaka kutsidya. Atibweretsere mitengo ya okumba mijigo osachepera atatu, yolembedwa. Achemwali a ku Glasgow ndi a Mlembi, lembani kalata ya ku khonsolo yokhudza khoma, aphunzitsi aione isanapite. Nkhani ya malo a kumtunda ndikaiyamba ndekha ndi a Gulupu pa foni mawa.

Mnyamata wa kabaza:
Alendowo ndikawatenga ndine pa siteji. Koma abwere ndi nsapato zoyendera mumchenga, njinga siifika kutsidya.

Msungichuma:
Ndipo amene simunamalize zopereka za chaka chatha, mayina ndili nawo. Ndisawaike pano.