Akuti ndilembe matumba 80 a simenti pomwe tithira 55, nditani amisiri anzanga?

aPhiri wa ku Tafara: Madzulo abwino amisiri nonse. Chonde ndithandizeni nzeru Loweruka lisanafike, ndi tsiku lothira silabu. Ndikumanga nyumba ku Budiriro kuno ku Harare, mwini wake ndi mayi wina nesi ali ku UK, sitinaonanepo maso ndi maso timangolankhulana pa foni mwa apo ndi apo, amene amayang'anira zonse kuno ndi mlamu wawo, ndalama imabwera pa Mukuru kwa iyeyo nde amagula zipangizo nkumatilipira ife. Maziko tatha, a khansolo anabwera anasayina, dothi tathira tatsendera, pano tafika pa silabu. Ndi 120 sikweya, kunenepa 100mm, nde makyubiki 12, ine ndinawerengera matumba 80 a simenti pa muyeso wa 1:2:4 (simenti, mchenga, miyala) kuphatikizapo otayika. Lero mlamu uja wandikokera kuseli kwa kabini ati mukoma tigule 55 basi koma pepala lopita kwa amayi mulembe 80 musayine, otsalawo pa $10 thumba ndi $250, iye 150 ine 100. Ndamuuza kuti ndiganize kaye. Ndikakana andichotsa ntchito, ndili ndi anyamata 4 a daka sanalandire ya masabata awiri, inenso ya maziko sanandimalizire.

aMwale: Achimwene tisanayambe kuopsezana tiyeni tione kaye nambala. 55 pa makyubiki 12 ndi matumba 4 ndi theka pa kyubiki, imeneyo ndi pafupifupi 1:3:6, silabu yapansi siyigwera munthu pamutu iyi, si deki, silabu ija yam'mwamba. Nyumba zingati mu Harare muno zinathiridwa choncho mpaka lero zili chiimire? Ine sindikuti kuba nkwabwino ayi, koma za pabanja pa eni ake nzovuta, mlamuyo mwina amayenda tsiku lililonse kuchoka komwe amakhala kupita ku sayiti ndi ndalama yake ya kombi osapatsidwa olo kobiri, nde akudzilipira yekha. Inu thirani konkiliti mulandire zanu, anyamata adye.

Nachisale: aMwale pepani ndikutsutsani. Ine ntchito yanga ndi yowerengera zipangizo, nde tiyambe ndi dothi. aPhiri, pamalopo mpa makande kapena mpa dothi lofiira?

aPhiri wa ku Tafara: Makande enieni achemwali, akuda bii, nthawi ya mvula nsapato imatsalira momwemo. Pokumba maziko tinavutika.

Nachisale: Nde mwaona. Makande amafufuma mvula ikagwa, chilimwe nkuuma nkung'ambika, chaka ndi chaka pansi pamayenda. Silabu yofooka pa dothi limenelo siyigwa zoona koma idzang'aluka, matailosi adzatukuka, chinyontho chidzakwera. Pa wilibala yathu ija ya malita 65, 1:2:4 ndi thumba limodzi, wilibala imodzi ya mchenga, awiri a miyala. Pa 55 mudzakhala mukuthira wilibala ndi theka ya mchenga, atatu a miyala, kenako anyamata aziwonjezera madzi kuti iziyenda pa fosholo, mphamvu nkumatsikirabe. Koma ine chikundiwawa si simenti yokhayo. Mayiwo atanena okha kuti ndalama yandichepera thirani 1:3:6 ndavomera, imeneyo ndi nyumba yawo, mungawachenjeze nkuthira. Apa iwo akulipira 80 akudziwa kuti pansi pali 80. Ndipo dzina lili pa pepalalo si la mlamu, ndi lanu. Lamulo la milandu kuno ku Zimbabwe, Criminal Law Code chaputala 9:23, ndime 136 imakamba za chinyengo chotere, kunamiza munthu kuti aluze chuma chake. Tsiku lomwe nkhani idzaphulike mlamu adzangoti ine si mmisiri, ndinagula zomwe mmisiri analemba, simenti anaba ndi iyeyo.

aMwale: Zoti dzina ndi lawo ndavomera. Koma anyamata 4 aja adya lamulo? Kunena chilungamo nkophweka ukakhala pa salale achemwali.

Nachisale: Zoona ndili pa salale, koma malipiro a anyamatawo sali mu $100 imeneyo. Malipiro awo amayi anatumiza kale kapena sanatumize, funso ndi limenelo. aPhiri munawafunsapo amayiwo kuti ya leba ya maziko anatumiza liti?

aPhiri wa ku Tafara: Ayi sindinafunsepo, mlamu amangoti sisi sanatumize zinthu zavuta kunja.

aBanda mkulu, Mufakose: Ana anga ndawerenga zonse, ndiloleni ndiyankhule motalikirapo, zala zanga zimachedwa. aPhiri funso loyamba dzifunseni kuti mukugwirira ndani ntchito. Amene amakupatsani ndalama m'manja ndi wina, mwini ndalama ndi wina. Mayi ameneyo akugwira mashifiti ausiku kudziko lozizira, kusamalira odwala a eni ake, kuti tsiku lina adzagone m'nyumba yakeyake. Sangathe kubwera kudzawerenga matumba. Maso ake pa sayiti paja ndi awiri, mlamu ndi inu. Limodzi latseka kale, mukatsekanso inu ndiye kuti watsala wakhungu. Umunthu umene timaunena mu tchalitchi ndi pamaliro umayesedwa pamalo ngati pamenepa, pomwe munthu winayo sakukuona ndipo sangadzadziwe msanga, poti konkiliti ikauma palibe angawerenge matumba ali mkati.

China ndi ichi. Makolo athu anabwera kuno kudzera kwa Mthandizi, bungwe lija lolemba anthu ntchito, ena wapansi kudutsa ku Tete, kudzagwira m'mafamu, m'migodi ndi m'makhitchini a azungu. Analibe munda kuno, analibe mfumu, ambiri a ife zitupa zathu zinalembedwa alien mpaka malamulo a dziko a 2013 anatsegula njira kwa obadwira kuno. Chimene chinatidyetsa zaka zonsezo ndi mbiri yoti munthu wa ku Nyasaland ukamusiyira makiyi upeza katundu ali momwemo. Ine ntchito zambiri zomwe ndamanga ku Mufakose, Kambuzuma ndi Highfield sindinazifunefune, anthu amauzana okha. Mbiri imeneyo si yanu nokha aPhiri, ndi ya tonse tili mugulu muno ndi anyamata omwe mukuwaphunzitsa. Iwo akuona. Akaona bwana wathira 55 walemba 80 mawa nawonso akatero, kaya pa deki kaya pa lintala, pomwe pamagwera anthu.

aMwale mwanena zoona pa chimodzi, kuyang'anira sayiti ndi ntchito ndipo munthu ayenera kulipidwa. Koma apemphe poyera kwa mlamu wakeyo, amupatse kaya $50 pa mwezi kaya zingati, osati kuzitenga mu silabu.

aMbewe pulambala: Madala mwayankhula. Koma ine ndifunse chinthu chimodzi tisanamuweruze mlamuyo, nanga ife tikapita ku hadiweya ndi kasitomala kapena tikatumidwa ku msika wa Siyaso kukagula, wogulitsa amatibwezera kenakake poti tamubweretsera bizinesi, lisiti nkulemba mtengo wonse, imeneyo nde chani? Ndikufunsa moona mtima chifukwa pafupifupi tonse timadziwa kuti zimachitika.

aMwale: Eya funso ndi limenelo. Tisakhale ngati ndife angelo.

Nachisale: Kwa ine muyeso ndi umodzi aMbewe, mungathe kumuuza kasitomala osachita manyazi? Mukanena kuti bwana ku shopu iyi amandichotsera poti ndimagula pafupipafupi, mukufuna tigawane kapena ikhale yanga ya transipoti, iye nkuvomera, palibe mlandu. Mukabisa ndiye kuti mwayamba kusankha shopu chifukwa cha kangachepe kanu osati chifukwa mapaipi ake ndi abwino. Lamulo lomwe lija lilinso ndi ndime zokamba za wotumidwa amene amabisira womutuma phindu lomwe akupeza pa malonda. Makampani akuluakulu nchifukwa chake amalembetsa antchito awo mphatso iliyonse yochokera kwa sapulaya.

aMbewe pulambala: Apo ndiye tisiyana pang'ono. Kuchotseredwako ndinakupeza ndi zaka zanga ndikugula pamalo amodzi, kasitomala atapita yekha alipira mtengo womwewo wa pa lisiti, nde sanaluze kanthu. Ine ndikuona kuti nzosiyana ndi za aPhiri, uko katundu sakufika nkomwe pa sayiti.

aBanda mkulu, Mufakose: Nzosiyana kukula kwake, inde. Koma aMbewe yesani kumuuza kasitomala mmodzi mwezi uno muone ngati akuthawani. Ine amene ndimawauza ndi amene amabweranso. Nkhani imeneyi tidzaikambe payokha tsiku lina, lero tithandize aPhiri, Loweruka layandikira.

aPhiri wa ku Tafara: Zikomo nonse. Kusayina sindisayina, mtima unakana kale pomwe amandiuza paja. Chomwe ndikusowa ndi njira. Ndiwaimbire amayi ndiwauze kuti mlamu wanu ndi wakuba? Ndiopa kupasula banja la eni, komanso akhoza kukhulupirira m'bale wawo osati ine mlendo.

aBanda mkulu, Mufakose: Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Musamutchule wakuba, mulibe umboni, anakuuzani pakamwa kuseli kwa kabini. Mubwezereni yankho kaye iyeyo panokha, mwaulemu, kuti mukoma ine pa makande sindithira pansi pa 80 ndipo sindilemba chomwe sindinathire. Mpatseni mpata abwerere yekha. Koma amayi akadzakufunsani mwachindunji kuti chinachitika nchani musadzaname pomuteteza.

Nachisale: Ndipo sinthani kayendetsedwe ka zinthu kuti nkhani isadalire mtima wa munthu. Tsegulani gulu la WhatsApp la anthu atatu, inu, amayi ndi mlamu, munene kuti tafika pa siteji yodula nde ndikufuna zonse ziziyenda poyera. Ikanimo pepala la zipangizo za silabu, simenti 80, miyala, mchenga wa kumtsinje, meshi waya, pulasitiki wakuda wapansi. Tengani makotesheni awiri kapena atatu, kaya ndi simenti ya PPC kaya ya Khayah bola mtundu wake ukhale woyenera konkiliti osati uja wa pulasitala ndi kumangira njerwa, amayi alipire ku hadiweya okha, mashopu ambiri pano amalandira ndalama kuchokera kunja nkubweretsa katundu pa sayiti. Lole ikafika jambulani vidiyo mukuwerenga matumba mulu ndi mulu, tsiku lothira jambulaninso, matumba opanda kanthu musawotche, amangeni khumikhumi muwasunge mu kabini. Mugulu momwemo lembani kuti leba ya maziko yatsala zakuti, anyamata sanalandire masabata awiri. Simunaneneze munthu koma amayi aona okha ngati anatumiza kale.

aMwale: Njira imeneyo ndiyabwino sindikana. Koma konzekani aPhiri, munthu mwamutsekera mpopi sakusekererani, akhoza kuuza amayi kuti mmisiriyu ndi waulesi tipeze wina. Musanatsegule gululo jambulani ntchito yonse yomwe mwagwira ndi khadi lomwe a khansolo anasayina, ndipo zida zanu zodula musazisiye mu kabini usiku. Akakuchotsani anyamata awiri nditha kuwatenga ine ku Ruwa sabata yamawa, ndili ndi pulasitala.

aMbewe pulambala: Wina mmodzi abwere kwa ine, ndikukumba ngalande za mapaipi ku Mabvuku.

aPhiri wa ku Tafara: Mwadzuka bwanji nonse. Ndabwera ndi lipoti. Dzulo m'mawa ndinamuuza mlamu monga ananenera madala, anangoti mukudziyesa oyera eti, nkukwera kombi. Masana ndinatsegula gulu lija ndikuikamo pepala ndi makotesheni. Usiku amayi anandiimbira ali pa buleki kuntchito, funso loyamba ati bwanji mukuti anyamata sanalandire pomwe ya leba yonse ya maziko ndinatumiza mwezi watha. Ndinawauza zomwe ndalandira ndi masiku ake. Kenako anafunsa kuti pali china chomwe ndiyenera kudziwa, ndinawauza za 55 ndi 80 mmene zinalili osawonjezera. Anakhala chete nthawi yaitali, mawu atabwerera anali akunjenjemera, ati za kubanja azikonza okha ndi akuluakulu, ine ndisalowererepo. Simenti alipira okha ku hadiweya ifika Lachisanu, ya anyamata atumiza kwa ine mwachindunji lero. Ya ine yotsala ya maziko ati ndidikire kutha kwa mwezi poti ayenera kuipezanso kachiwiri. Mlamu watuluka mugulu ndipo makiyi a kabini ali nawo iyeyo, mkatimo muli mawilibala anga awiri ndi levulo.

aBanda mkulu, Mufakose: Loko musathyole. Auzeni amayi atume munthu wina wa kubanja akatenge makiyi, mutsegule pali mboni.

Nachisale: Ndipo pa gulu paja lembani lero lomwe zomwe zili mu kabini, chimodzichimodzi. Za Loweruka, makyubiki 12 pamanja ndi anyamata 4 simumaliza tsiku limodzi, ndipo silabu yodukizadukiza pa makande sindikuikonda. Pezani mikisa ndi anthu ena osachepera 4.

aMwale: Mikisa ilipo kwa mnzanga ku Glen View, ndimufunsa mtengo wa tsiku ndikuuzani madzulo, dizilo ndi yanu. Madzi muli nawo pafupi? Pothira pafunika ambiri, komanso masiku 7 otsatira muzithirira m'mawa ndi madzulo, dzuwa lake ili ikauma msanga ing'aluka olo muthire 80.

aPhiri wa ku Tafara: Pali chitsime kwa aneba koma chikuphwa masana, ndiyitanitsa bawuza ya madzi Lachisanu tidzaze thanki ndi madiramu. Amene ali ndi mnyamata wodziwa kuwongola konkiliti anditumizire, tiyamba 6 koloko.