Pempho la mjigo limayenda bwanji kuchoka pamudzi kukafika m'mapulani a khonsolo?

Nachisale, Mitundu:
Akuluakulu, ndithandizeni. Mudzi ukafuna mjigo kapena kamlatho, uyambire pati kuti pempho lake lilowe m'mapulani a khonsolo ya boma la Lilongwe? Ena akuti kwa aphungu, ena kwa akhansala, enanso akuti zonse zimathera kwa amfumu. Njira yeniyeni ndi iti?

aBanda, Nathenje:
Mayi Nachisale, njira yake inachokera mu ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono, zonse za 1998. Poyambira ndi VDC, komiti ya chitukuko ya kwa gulupu. Komitiyi imaitana anthu kuti alembe pulani ya mudzi, ija mumamva akuti VAP. Agulupu amakhalapo ngati opereka uphungu, koma wapampando amasankhidwa ndi anthu.

Pamsonkhanowo agaweni anthu: amayi paokha, abambo paokha, achinyamata paokha. Mukawaunjika pamodzi amalankhula ndi amadoda okhaokha, ndiye msewu umakhala pamwamba pomwe otunga madzi angokhala chete. Gulu lililonse litchule mavuto ake, kenako muwayerekeze awiriawiri: mjigo ndi mlatho chofunika msanga n'chiti, mlatho ndi nyumba ya mphunzitsi n'chiti, mpaka ndandanda utuluke. Osadziwa kulemba aziponya timiyala kapena njere za chimanga.

VAP ikatha imapita ku ADC, komiti ya dera lonse la mfumu yaikulu, kaya ndi kwa Chadza, Chiseka kapena Kalumbu. Kumeneko amaphatikiza zofuna za magulupu onse, mothandizidwa ndi alangizi a boma a zaulimi, zaumoyo, zamaphunziro ndi zachitukuko, amene gulu lawo ndi AEC. Zikachoka apo zimapita ku ofesi ya mapulani ya khonsolo, n'kukalowa mu DDP, pulani ya chitukuko ya boma lonse la Lilongwe ya zaka 5. Amavomereza ndi msonkhano wa khonsolo yonse, ndipo apo ndi pamene khansala wanu ayenera kukuyankhulirani.

Mlangizi, Nsaru:
aBanda afotokoza bwino, koma mapempho ambiri amafera pa kalembedwe. Kungolemba kuti "tikufuna mjigo" sikokwanira. Lembani mabanja angati, anthu angati, madzi akutunga kuti pakalipano, ndi mtunda wake. Muyezo wake ndi woti mjigo umodzi utumikire anthu pafupifupi 250, ndipo munthu asayende kupitirira mamita 500. Ngati mudzi uli ndi anthu 600 ndipo mjigo wapafupi uli makilomita awiri, manambalawo amadzilankhulira okha ku ADC. Pemphani mlangizi wa zaumoyo wa kwanuko akupatseninso chiwerengero cha odwala matenda otsekula m'mimba.

Malo nawonso. Akhale osachepera mamita 30 kuchoka pachimbudzi kapena pakhola, komanso kutali ndi manda, ndipo mwini malo avomereze polemba pamaso pa amfumu. Akatswiri akabwera kudzaona malo n'kupeza mkangano, ntchito imasamukira kumudzi wina, ndipo n'zomvetsa chisoni chifukwa ovutika ndi ana.

Nachisale, Mitundu:
Zikomo abambo. Nanga zikalowa mu DDP ndiye kuti zatheka?

aPhiri, Kabudula:
Ayi mayi, apo ndi pamene ambiri amagonera. DDP ndi ya zaka 5, koma ndalama zimagawidwa chaka ndi chaka. Chaka cha ndalama cha boma chimayamba pa 1 Epulo, choncho bajeti ya khonsolo imakonzedwa miyezi ingapo izi zisanafike, nthawi ya dzinja anthu ali kalikiliki ndi kupalira. Wapampando wa VDC ayambe kufunsa ku ADC mvula isanagwe: ntchito yathu ili pa nambala chani, ndipo ilipiridwa ndi thumba liti la ndalama za chitukuko, monga CDF, thumba la dera la phungu?

Sungani umboni. Maminitsi a msonkhano, mayina a omwe anabwera, ndi kope ya VAP yodindidwa ndi agulupu zikhale kwa mlembi wa VDC. Komiti ikasintha, mapepalawa aperekedwe kwa atsopano, apo ayi mumayambiranso pachiyambi. Ndipo lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, choncho mutha kulemba kalata yopempha kuona bajeti ndi mtengo wa ntchito yanu.

Ngati pempho ndi mdadada wa sukulu, musathamangire kuumba njerwa musanafunse. Malamulo a 2018 analetsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma, amafuna zinthu monga mabuloko a simenti. Chomwe mudzi ungasonkhe ndi mchenga, miyala ndi madzi, komanso komiti yoyang'anira ntchito imene iziwerenga matumba a simenti akamatsitsidwa m'galimoto ndi kusayinira zokhazo zomwe yaona ndi maso.