Padirinyu walembedwa ngati bambo: tikonze bwanji tisanalengeze ukwati?

aMbewe (mlembi wa parishi, Angónia): Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Mnyamata ndi mtsikana akufuna kumanga ukwati mwezi wamawa. Mbale wawo wa ku Johannesburg watumiza pepala la mzere wa makolo lomwe anajambula pa kompyuta, ndipo pamenepo bambo a mnyamata ndi bambo a mtsikana akuoneka ngati ana a munthu mmodzi. Zikakhala choncho awiriwa ndi ana a mkulu ndi mng'ono wake, sitingapitirize popanda chilolezo cha Ambuye Episkopi. Ankhoswe akuti ayi, bambo a mnyamatayo anangoleredwa pakhomopo. Koma cédula (chikalata cha boma cha kubadwa) ya bambowo ikutchula mkulu anawalerayo kuti ndiye bambo.

Nabanda (mlembi, Tsangano): Musayambire pa cédula, aMbewe. Ambiri amene anabwerera kuchokera ku Dedza ndi Ntcheu nkhondo itatha mu 1992 analembetsa ali akuluakulu kale, ndipo akafunsidwa dzina la bambo ankangotchula amene ankawadyetsa. Tsegulani buku la ubatizo. Onani dzina lomwe lili pa "filho de" (mwana wa), kenako tsikirani mmunsi pa "foram padrinhos", pomwe amalemba apadirinyu, amene anaimira mwana pa ubatizo.

aMbewe: Ndalipeza, ngakhale chiswe chinadya m'mphepete mwa tsamba. Pa "filho de" pali anthu ena, a mfunda wina. Mkulu uja ndi akazi awo ali pa padrinhos. Ankhoswe akuti makolo enieniwo anamwalira pothawa nkhondo, mwana n'kutengedwa ndi padirinyu wake.

aPhiri (katekisti wopuma, Domué): Ndiye nkhani yapepuka, mwana wanga. Bukulo silingasokoneze anthu awiriwa, chifukwa Mpingo sulola kholo kuimira mwana wake pa ubatizo. Lamuloli ndi lakale, msonkhano wa ku Mainz unaletsa zimenezi mu 813, ndipo lero lili pa kanoni 874 ya malamulo a Mpingo. Ukangoona munthu pa padrinhos, dziwa kuti si bambo womubala.

Komanso amene anakutumizira pepalalo usamuseke. Kale ku Ulaya ubale wa ubatizo unkawerengedwa ngati ubale weniweni. Mfumu Justinian mu 530 inaletsa munthu kukwatira mtsikana amene anamuimira pa ubatizo, ndipo m'kupita kwa zaka chiletsocho chinakula mpaka kukhudza compadre ndi comadre (makolo a mwana ndi omuimira) ndi ana awo. Mabanja ena ankaitana apadirinyu ambirimbiri pa mwana mmodzi, mudzi wonse n'kukhala pachibale. Msonkhano wa ku Trento mu 1563 ndiwo unadula: mmodzi, kapena awiri basi, mwamuna ndi mkazi, ndipo mayina awo alembedwe m'buku. N'chifukwa chake mabuku a mamishoni akale ngati Boroma ndi Lifidzi ali ndi malo a padrinhos. Malamulo a Mpingo a 1917 anasiyako chiletso pakati pa wobatizidwa ndi womuimira, a 1983 anachichotseratu. Ana ako awiriwa sichikuwakhudza n'komwe.

Nabanda: Koma funsaninso ngati kuleraku kunapita kubwalo la milandu. Kanoni 1094 imaletsa ukwati pa adopção ya boma (kutenga mwana kukhala wako mwalamulo), pakati pa kholo ndi mwana kapena mlongo ndi mlongo wake. Apa n'zidzukulu, sizikufikapo, komabe Bambo Mfumu adzafunsa.

Nangozo (wa komiti ya mabanja, Ulongwe): Inu mukuwerenga makanoni, ine ndikuganiza za kumudzi. Abambo awiriwa anakula akudyera mbale imodzi, amaitanana achimwene mpaka lero. Akanakhala asuweni, ana a mlongo ndi mlongo wake, akuluakulu sakanadabwa. Koma ana a amuna awiri a nyumba imodzi, anthu adzati wakwatira mlongo wake. Muitane atsibweni a mbali zonse anene poyera mfunda weniweni wa mnyamatayo musanalengeze m'tchalitchi. Ndipo chonde mkulu uja musamufufute papepala. Analera mwana wa eni m'nthawi ya nkhondo. Ngakhale phungu wa kuchinamwali sitimuiwala, nanji amene anakulera.

aMbewe: Ndiye ndimulembe pati, mayi? Pulogalamu ija ili ndi malo a bambo ndi mayi okha.

aMwale (wothandiza pa kaundula, Moatize): Malo alipo, achimwene, amangobisika. Pa FamilySearch mwana mmodzi akhoza kukhala ndi makolo awiriawiri, ndipo mumasankha mtundu wa ubalewo: biological kwa omubala, foster kapena guardianship kwa omulera. Muuzeni wa ku Joniyo asinthe pamenepo. Upadirinyu asauike pa makolo, aulembe pa ubatizo penipenipo, pamodzi ndi tsiku, mishoni, nambala ya buku ndi tsamba. Pojambula pamanja ine ndimakoka mzere wathunthu kwa obala, wa timadontho kwa olera, ndipo dzina la padirinyu ndimalemba pambali ndi cholembera chofiira. Mkulu ameneyu aoneke kawiri, pa timadontho ndi pa chofiira.

aPhiri: M'buku lakalelo usakhudzemo ndi cholembera. Ngati pali chowonjezera, ndi Bambo Mfumu okha angalembe averbamento (mawu owonjezera) m'mphepete. Iwe konza mboni ziwiri zachikulire zomwe zinawadziwa makolo omwalirawo, zisaine, uphatikize ndi kope la ubatizo mu fayilo ya ukwati.

aMbewe: Zikomo nonse. Mboni imodzi ilipo, azakhali a bambowo, akukhala kufupi ndi Calómuè. Ndipitako Loweruka ndi ankhoswe. Nanga cédula ija tiisiye momwemo?

Nabanda: Imeneyo si ya parishi. Auzeni eni ake apite ku Conservatória (ofesi ya kaundula wa boma) ndi kope la ubatizolo ngati akufuna kukonzetsa, koma ayambe akambirana pabanja, poti dzina lomwelo lili pa BI (chitupa cha umzika) ya ana awo onse ndi pa masatifiketi a sukulu.