Thandizeni: giyabokosi ya Hilux yayamba kuterereka nditapangitsa remap

Bambo a Chisomo, Area 25:
Akuluakulu a pagulu pano moni nonse. Amene mumadziwa za ma automatic ndipatseni nzeru ndisanataye ndalama ina. Ndili ndi Hilux double cab ya 2009, 3.0 D4D, automatic ija ya magiya 4. Ndimapanga geni ya mpunga, ndimakatenga ku Nkhotakota kudzera pa Salima, matumba kumbuyo komanso kathirela ndikukoka. Mu August mnyamata wina wa laputopu anandipangira remap, kuja kosintha pulogalamu ya kompyuta ya injini kuti mphamvu ikwere, akuti pochoka ku fakitale injiniyi imatulutsa 120 kW ndi 343 Nm koma iye wayikweza kufika cha m'ma 450 Nm, sitinayeze pa makina ndinangomva pakamwa pake. Kunena zoona galimoto inasintha, kungoponda pang'ono ikudumpha ngati gwape, ma thiraki ndikuwadutsa osaganiza kawiri.

Nde sabata yatha pokwera zitunda za msewu wa Salima kubwera kuno, dzuwa la October lija lili pamutu, ndinayamba kumva injini ikulira koma liwiro osawonjezeka, pochoka pa 2 kupita pa 3 imayamba yalira vuuu kenako giya nkulowa mogunda. Posakhalitsa kagetsi ka A/T OIL TEMP kanayaka. Ndinaima pambali mpaka kanazima. Kufika kunyumba kusolola dipstick ya giyabokosi oyilo wasanduka bulauni, fungo lake ngati nsima yopserera.

Ku Biwi ndafunsa anthu atatu mayankho atatu. Wina akuti tichotse tiike ya magiya 5 ya Fortuner, wina akuti ndingothira mankhwala a m'botolo oletsa kuterereka, wina akuti tiitanitse ma clutch olimba ku Joni. Ine mphamvuyi ndaikonda sindikufuna kuitaya. Ndipange chani kuti giyabokosi izipirira?

Mjomba Yona:
Kkkkk dizilo timachita kugonera pa mzere inu nkumawonjezera mahatchi. Pepani bwana, ndikudikira nawo mayankho.

Makaniko wa ku Kanengo:
Achimwene, choyamba galimotoyo isanyamulenso katundu mpaka itatsegulidwa sampu ya giyabokosi. Chachiwiri, la botolo lija liiwaleni, limangofewetsa ma seal kwa masiku ochepa, clutch yomwe yapsa siibwerera ndi mankhwala.

Giyabokosi yanuyo si yofooka ayi. Ndi ya banja la A340, amapanga a Aisin, yomweyo inali mu Supra ya turbo, mu Surf, mu Prado zakale ngakhale mu Jeep Cherokee. Imapirira kwambiri. Koma tamvetsani chimene remap yachita. Mkati mwa automatic muli timbale ta clutch tambiri tomwe timapanikizidwa ndi pressure ya oyilo, ndipo pressure imeneyo imakwera potengera mmene mwapondera. Kale kuti mukwere chitunda mumaponda kwambiri, bokosi nkudziwa kuti ntchito yakula, nkufinya timbale mwamphamvu. Pano mukuponda theka lokha koma injini ikukankha ngati mwaponda mpaka pansi, bokosi likuganiza kuti muli pa Chilambula mulibe katundu, likufinya pang'ono. Timbale tikuterereka, tikutentha, tikudyeka. Kulira kwa vuuu pakati pa 2 ndi 3 ndi kumeneko.

Kwinaku torque converter, ija imalumikiza injini ndi bokosi. Ikakhala kuti sinapange lock, kutanthauza kuti clutch yake ya mkati sinagwire, mphamvu imadutsa mu oyilo, ndipo ina imangosanduka moto. Chitunda, thirela, kutentha kwa ku Salima, remap pamwamba, oyilo angapirire bwanji. Oyilo wa automatic amasangalala cha m'ma 80 mpaka 90 digiri, akadutsa 120 wayamba kuwonongeka msanga, ndipo kagetsi kaja pomwe kakuyaka ndiye kuti anatentha kalekale.

Bambo a Chisomo:
Zikomo akulu mwafotokoza bwino, izi za pressure palibe anandiuza. Nde mukutanthauza kuti yapita basi? Chifukwa mu town ndikakhala ndilibe katundu ikusintha bwinobwino, dzulo ndapita ku Area 47 ndikubwera osamva kalikonse.

Makaniko wa ku Kanengo:
Sindinganene ndisanaone sampu. Mukatsegula muyang'ane timaginito tapansi. Kaphala kotuwa kosalala ngati phulusa lonyowa ndi zachizolowezi. Mukapeza pansi pa sampu tizidutswa takuda ngati makala osinja amenewo ndi ma clutch anu, mukaona tonyezimira ndiye zitsulo zayamba kudyana, pamenepo palibe zokambirana bokosi litsike. Muuzeni makaniko aikenso geji ayeze line pressure pa D ndi pa R, asamangoyerekeza ndi khutu. Ndipo musalole kuti akupangeni flush ya makina pa bokosi lomwe lapsa, zinyalala zimakalowa mu valve body, mmene muli tinjira togawa oyilo ku ma clutch. Kukhetsa, kusintha fyuluta, kuthira wina, kuyenda pang'ono, kukhetsanso. Mtundu wa oyilo werengani pa dipstick kapena m'buku la galimoto, osati kungoti bola wofiira.

Ras Kondwani:
Aise ingoikani manual nkhani ithe. Automatic ndi ya ana asukulu ndi azimayi opita ku Gateway, galimoto ya ntchito imafuna giya ya pamanja.

Mai a Tiya:
A Ras pepanitu, ine mzimayi ndimakoka thirela ya mbatata kuchokera ku Dedza ndi Prado ya automatic chaka chachinayi ichi, ndatsika nayo Khwekhwerere kangapo konse. Manual nayonso ukaikweza mphamvu clutch imapsa, mlamu wanga wasintha kawiri.

Bambo a Chisomo ine zinandichitikira zofananako, kagetsi komweko kanandiyakira pa Linthipe. Chomwe chinandipulumutsa ndi cooler yapadera, ija yonga karadiyeta kakang'ono, anaimanga kutsogolo kuti izimenyedwa mphepo, oyilo amadutsa kaye mu radiyeta kenako mu cooler ndi kubwerera ku bokosi. Ndinaikitsanso geji ya temperature pa dashibodi ndiye ndimaona ndekha ikayamba kukwera. China chomwe ambiri sachita, pa chitunda musaisiye pa D kuti izisakasaka giya, 4 kenako 3 kenako 4, kusinthasintha kumeneko ndi komwe kumaotcha. Ikani pa 3 nokha, ikalemedwa pa 2, muzikwera modekha. Kagetsi kakayaka imani, ikani pa P koma injini musazimitse, oyilo azizungulira mpaka azizire.

Bambo a Chisomo:
Mayi zikomo, ine tsiku lija ndinazimitsa injini kumene kkkk umbuli. Cooler yo munaipeza konkuno?

Mai a Tiya:
Yanga anandibweretsera a ma basi a ku Joni, koma m'mashopu a ma spare muno zimapezeka nthawi zina. Chenjerani ndi ma paipi, agule a oyilo wa giyabokosi enieni osati a madzi, ndi ma clamp abwino, paipi ikavuka muli pa liwiro oyilo yense amathera mu msewu musanazindikire.

Spare Zonse:
Bwana inbox, ndili ndi gearbox ya 5 speed yochokera ku Dubai mtengo wabwino, mawa lomwe mwayenda.

Admin:
Za malonda tsiku lake ndi Loweruka. A Spare Zonse chenjezo loyamba.

Madala a ku Likuni:
Mwana wanga, za 5 speed zo ndikuuzeni ine amene ndinayesapo pa galimoto ya mwana wa mchemwali wanga. Imeneyo ndi A750F, bokosi labwino ndithu, koma silimangolowa ngati kusintha batire. Kompyuta yake ndi ina, mawaya ndi ena, shifter ndi ina, propshaft mwina muyenera kudula kapena kusaka yake, ngati yanu ndi 4x4 muganizirenso za transfer case. Oyilo wakenso ndi wa mtundu wa WS ndipo zambiri zilibe dipstick, kuyeza kwake nkwa pansi pa galimoto. Ifeyo galimoto inakhala pa galaja miyezi isanu, wa mawaya akuloza makaniko, makaniko akuloza wa mawaya, pomaliza inkayenda koma check engine osazima. Ngati mukufunadi njira imeneyo gulani half cut, theka la galimoto yodulidwa, kuti zonse zichokere m'galimoto imodzi, koma ndi mmene dola ikusowera muwerengere kaye matumba angati a mpunga alowe pamenepo. Komanso bokosi lakale logula simudziwa kuti kwawoko linkakoka chani.

Makaniko wa ku Kanengo:
Madala anena zoona. Ine maganizo anga konzani lomwe muli nalolo. Likatsika muike timbale tatsopano tabwino ndi ma steel ake, ma seal onse, valve body aikonze kuti pressure ikwere ndipo magiya azilowa msanga osakokakoka, ena amati shift kit. Izigunda pang'ono posintha koma kugunda pang'ono kuli bwino kusiyana ndi kuterereka. Torque converter musabwezere yomweyo osaitsegula, mkati mwake mwadzaza zinyalala ndipo clutch ya lock yatopa, ikapangidwe kapena mupeze yolimbirako. Ma paipi ndi mbali ya radiyeta yodutsa oyilo atsuke bwinobwino, ndaonapo bokosi latsopano likufa mwezi umodzi chifukwa cha zinyalala zotsalira mmenemo.

Koma remap yo ibwerere kaye pa fakitale lero lomwe. Mukamaliza zonse mukamuuze mnyamatayo achepetse torque ya pa ma revu otsika, ndi imene imapha bokosi, komanso asachotse kaja kompyuta imachepetsa mphamvu pa nthawi yosintha giya. Ngati sakumvetsa zimene mukunena ndiye kuti file anangokopera pa intaneti, sakani wina.

Ras Kondwani:
Ndalama zonsezo bola manual ndithu, koma chabwino galimoto ndi yanu.

Che Ajusa:
Funso langa ndi lina bwana, mumakweza matumba angati? Chifukwa tikhoza kumanamizira remap pomwe galimoto ya tani imodzi mukuisenzetsa katundu wa Canter. Komanso utsi wakuda ikutulutsa? Ngati eya ndiye injininso ikutentha mkati, musamale ma piston, D4D ikakwiya imang'amba.

Bambo a Chisomo:
Che Ajusa mwandigwira pakhosi kkkk, kumbuyo 18 a 50 kg, pa thirela 20. Utsi umatuluka ndikaponda kwambiri basi.

Ndikupatseni update akuluakulu. Mmawa uno tatsegula sampu, pansi pake padzaza zakuda zija ngati makala, zonyezimira palibe mwamwayi. Pressure pa D yapezeka yotsika. Mnyamata wa laputopu ndamupeza, poyamba amakana akuti vuto si file yake, koma wabwezeretsa ya fakitale, original anaisunga bola pamenepo. Bokosi litsika Lolemba, 5 speed ndaisiya. Cooler ndi geji ndatuma kale mphwanga amene akubwera Lachisanu kuchokera ku Johannesburg. Mpunga wa sabata ino ndachita hayala lole ya mnzanga, phindu lachepa koma nanga nkutani.

Chatsala ndi converter. Alipo amene anaipangitsapo konkuno ku Lilongwe kapena ku Blantyre, yodula nkuotchereranso bwinobwino osagwedera, kapena nayonso ndingoitumiza ku Joni?

Makaniko wa ku Kanengo:
Tumizani limodzi ndi mphwanuyo pobwerera, imafuna makina a balance. Ikabwera muithire kaye oyilo musanaiveke, ndipo timbale tatsopanoto tigone mu oyilo tisanalowe m'bokosi.