Kodi ndiyambe ndasiya kwaya mpaka mayeso athe?

Abale anga a kuno ku Harare, ndithandizeniko maganizo.

Ndili chaka chachitatu pa University of Zimbabwe, ndipo ndimakhala kwa azakhali anga ku Mufakose. Kwatsala masabata atatu kuti tiyambe mayeso a kumapeto kwa semesita, koma ndili ndi maasayimenti awiri osamaliza.

Chomwe chandiimika mutu ndi kwaya. Ndimaimba kutchalitchi kwathu ku CCAP, timaphunzira nyimbo Lachitatu madzulo ndi Loweruka masana. Kumeneko n'kokhako komwe ndimayankhula Chichewa momasuka, poti kusukulu ndi Chishona ndi Chingerezi tsiku lonse. Ndikaimba mtima umakhala m'malo, ngakhale tulo timabwera bwino. Koma Lachitatulo limandidyera nthawi. Kuchoka kusukulu ku Mount Pleasant kufika m'tauni, kudikira kombi ina ya ku Mufakose, kenako kwaya, basi kwada. Ndikafika kunyumba n'kupeza magetsi azima, ndimangogwira foni, WhatsApp ndi TikTok mpaka pakati pa usiku. Za fonizi ndikudziwa ndekha kuti n'zofunika kusiya.

Azakhali akuti ndipume kaye kwaya, maphunziro ndiwo anandibweretsa pakhomo pawo. Sakulakwa ayi. Komabe ndikuopa kuti ndikasiya, nkhawa indichulukira, n'kumangoyang'ana buku popanda cholowa m'mutu.

Inu amene munadutsamo, nthawi ya mayeso munkasiyiratu zomwe mumakonda kapena munkangochepetsa? Nanga akuluakulu a kwaya ndiwauze bwanji mwaulemu, poti amadalira mawu anga? Ngati wina akudziwa malo abata owerengerako madzulo m'tauni, chonde andiuzeko.